Dalaivala Anasiya Kuyankha

Gerevazio sakananso masiku ano: analakwa yekha, popanda womukankha. Kompyuta inamufunsa funso m'Chingerezi chothithikana, iye osawerenga n'komwe, anangoyang'ana kabokosi kamene ankadziwa kuti n'kovomerera, n'kudinapo. Inde. Ndipo aka sikanali koyamba kuti bamboyu anene inde pamene pankafunika ayi. Koma zimenezo tizipeza kutsogoloku. Tiyambe ndi za kompyuta, chifukwa ndi mmene chinthucho chinalowera.

Anali ndi kashopu kake pa Lunzu, kuseri kwa msika, pakati pa ometa tsitsi ndi mayi wina wogulitsa makala. Kachipinda kamodzi basi: chitseko chachitsulo, benchi ya makasitomala, tebulo ndi mpando. Ntchito yake inali kubena nyimbo m'mafulashi ndi m'mafoni a anthu, komanso kulumikiza makanema a zinkhoswe ndi maukwati amene ojambula ankamubweretsera. Sukulu anailekeza ku pulayimale, koma zala zake zinkadziwa njira: apa podina, apa pokoka, apa podikira. Kompyutayo inali ya kaunjika, yolira ngati chigayo chakutali, koma ndi imene inkadyetsa banja lake.

Funso lija linali lakuti, kodi tikuikireni sisitimu yatsopano? Sisitimu ndiye mwini nyumba m'kompyutamo, wolamula zonse. Atadina, makinawo anangoti zii, timadontho tikuzungulira pa sikirini masana onse. Dzuwa linalowa tikuzungulirabe. Anakhoma shopu n'kumapita.

M'mawa mwake anapeza zinthu zasintha. Zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pachikwangwani. Atatsegula kanema wa ukwati amene ankamukonza, nkhope za anthu zinali zotambasukira m'mbali, mkwatibwi wobiriwira ngati nkhwani. Akasuntha mausi, kamuvi kaja kankasiya mchira m'mbuyo. Ndipo pakapita kanthawi sikirini inkathima yonse, bii, ngati munthu watsinzina. Kenako n'kuyakanso, timawu tating'ono tikutuluka pakona yam'munsi n'kuzimiririka asanatiwerenge.

Zimenezo n'zamakina, ndipo sizinamuopse. Chimene chinamuimitsa mutu ndi mpando.

Gerevazio ndi munthu wamtali, wa miyendo ya kakowa. Mpando wake unkakhala patali ndi tebulo, moti unali utaperesa kale simenti pamalo pake. M'mawa umenewo anaupeza uli kutsogolo, pafupi kwambiri ndi tebulo, ndipo atakhalapo mawondo anagunda thabwa. Anaubweza. Tsiku lotsatira anaupezanso kutsogolo. Sikirini nayo inali itapendekeka pang'ono, yaloza kubenchi. Loko anali wokhoma bwinobwino, kiyi m'thumba mwake. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi pa tebulo. Palibe chimene chinasowa, kupatula mtendere.

Anakaitana Ndaziona, mtsikana wa shopu yokonza mafoni ndi makompyuta kumsewu uko, amene anaphunzira zimenezi kukoleji.

"Ankolo Gere, mwapanganso chiyani?" anafunsa asanakhale n'komwe.

"Ndangodina, mwanawe."

"Mwangodina. Anthu inu tsiku lina mudzagulitsa nyumba ndi chala chimodzi."

Anayamba ndi chingwe cha sikirini: anachizula, kuchipemerera, kuchibwezera. Palibe. Anathamangira kushopu kwake n'kubwera ndi sikirini ina. Mkwatibwi anali wobiriwirabe. Ndiye anakhala phee, dzanja pachibwano, kudikira kuti ithime. Itathima n'kuyaka, anasendeza nkhope n'kuwerenga timawu tija.

"Eya, ndamugwira. Vuto ndi dalaivala."

"Wati ndani?"

"Dalaivala. Apa akuti, dalaivala anasiya kuyankha, koma watsitsimuka."

Gerevazio anagwira khoma.

Mtsikanayo sanaone, anali akufotokoza. "M'kati umu muli khadi limene limajambula zonse mukuona pa sikirinipa. Khadilo lili ngati galimoto, siliyenda lokha. Pali kapulogalamu kamene kamaliyendetsa, n'chifukwa chake amati dalaivala. Ndiye sisitimu yatsopanoyi yatsitsa dalaivala wanu wakale n'kukhazikapo wake. Watsopanoyu galimoto sakuidziwa. Akungoyendetsa mwamphamvu, kenako n'kukomoka. Mankhwala ake ndi amodzi: kubwezera wakale uja pampando."

"Nanga wakaleyo ali kuti?"

"Ndiye funsotu limenelo. Ankayenera kukhala penapake m'menemu, koma sindikumuona. Ankolo, thukuta lonseli bwanji?"

"Kwatentha," anatero Gerevazio. Unalidi Okutobala. Koma thukutalo linali lozizira.

Tsopano timve za inde woyamba uja.

Kale, asanagwirepo mausi, Gerevazio anali kondakitala wa minibasi yoyenda pakati pa Limbe ndi Zomba. Dalaivala wake anali a Sandalamu, bambo wamfupi wa ku Chiradzulu, wosavula kachisoti koyera. Akalowa m'galimoto, choyamba ankakoka mpando kutsogolo kuti mapazi afike pansi, kenako n'kupendeka galasi kuti aziona anthu kumbuyo. Mowa sanaulawepo chibadwire. Ndi iwo amene anamutola Gere akuitanira padepoti, n'kumupatsa ntchito, n'kumamugwiritsa chiwongolero pabwalo la mpira masiku opuma.

"Ukadzakhwima ndidzakuuza ndine," ankatero. "Msewu si bwalo la mpira, mphwanga."

Pomuitana ankaliza hutala kawiri, mofupikitsa: pi-pi. Gere ankalumpha, n'kumenya chitseko kawiri, n'kukuwa, "Tiyeni, madala!"

Lachisanu lina masana, galimoto ili pamzere kudikira nthawi yake, a Sandalamu anapita kukaswali kumzikiti n'kumusiyira Gere kiyi. Gere anauyang'ana kiyiyo, anayang'ana mzere wautaliwo, mtima n'kumunong'oneza kuti kungozungulira kamodzi palibe angadziwe. Pakona ina yotsetsereka anakumana ndi bambo wachikulire pa njinga, atamanga nkhuku kumbuyo. Phazi linasowa buleki. Chimene amakumbukira mpaka lero ndi nthenga zikuuluka, ndi gudumu la njinga likuzungulira lokha. Anasiya galimoto chitseko chili pululu, n'kuthawira m'tinjira ta m'nyumba. Bambo uja anamwalira kuchipatala.

Apolisi anagwira munthu amene aliyense ankamudziwa kuti ndiye woyendetsa galimotoyo. Gere anaitanidwa ngati mboni.

"Kodi pachiwongolero panali bambo awa?"

"Inde."

"Kodi anali atamwa?"

Sanakonzekere funso limenelo. Koma bodza likatsegula pakamwa silitseka msanga. "Inde."

A Sandalamu akanatha kuitana mzikiti wonse kudzawachitira umboni. Sanatero. Anatembenuka, anamuyang'ana Gere monga ankayang'anira anthu pagalasi lija, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuyankha. Woweruza anafunsa, anabwerezanso, anakalipa. Iwo duu. Anawatengera kundende.

Gere anasiya za minibasi n'kusamukira ku Lunzu. Patapita zaka anakumana ndi mnzake wa padepoti amene anamuuza kuti, "Madala ako aja akuti anafera kundende." Sanafunse kuti liti, kapena anaikidwa kuti. Ndipo tisanamizane, Mulungu amukhululukire: tsiku limenelo anagona tulo tabwino. Ankayesa kuti mlandu wakwiriridwa limodzi ndi mwini wake. Anaiwala kuti mlandu suola.

Masiku otsatira Ndaziona analimbana nayo kompyuta ija. Anaiyatsa m'njira ina imene imayenda wamba, yopanda zokongoletsa, ndipo m'menemo sinathime.

"Mwaona? Khadi ndi lamoyo. Galimoto ilibe vuto."

Anachotsa dalaivala watsopano uja n'kuikapo wina amene anamupeza pa intaneti. Zinayenda masana amenewo, mkwatibwi anayera pang'ono. Kutacha anapeza sisitimu yamuchotsa mwakachetechete n'kubwezerapo wake.

"Yaliuma ngati apongozi," anatero Ndaziona, akumenya tebulo. "Amene anapanga khadi limeneli anaiwala kale kuti analipanga. Ndikafufuza m'masidi anga akale, ndifunsenso anzanga. Wakale yemweyo ndi amene akufunika, wina aliyense akungotitayitsa nthawi."

Ndipo m'mawa uliwonse mpando unali kutsogolo.

Tsiku lina akutsegula loko, a Kapito, mlonda wa mashopu a mzere umenewo, anamuyandikira akupinda thumba limene ankakhalira.

"Achimwene, m'bale wanu uja anakupezani?"

"M'bale wanga uti?"

"Wamfupi uja, wa kachisoti. Amabwera anthu akachepa pamsewu. Kutentha konseku iye wafunda bulangete, nsapato alibe. Amaima pakhomo panupa, osagogoda, kungoima."

"Mwina ndi wamisala."

"Wamisala sapereka moni wotero. Dzana ndinamufunsa kuti madala, tikuthandizeni? Akuti, ndikudikira kondakitala wanga, anapita ndi kiyi. Ndinati kuno kulibe siteji, siteji ili kumsewu. Sanayankhe."

"Nkhope yake munaiona?"

A Kapito anakanda m'mutu. "Ndi pamene pali nkhani. Tochi yanga ndi yabwinobwino, mabatire atsopano. Koma ndikangoti ndimuunike, imathima. Ndikaloza kwina, yayaka. Galu wanga uyu, amene amauwa ngakhale pepala, analowa pansi pa tebulo la makala, kutuluka ayi." Anatsitsa mawu. "Ine ntchito yanga ndi ya akuba, achimwene. Zinazi muzithana nazo eni ake."

Gerevazio anaseka kuti aoneke munthu, koma kiyi anakana kulowa m'loko.

Akanatha kumatseka dzuwa likadalipo, ndipo anayesadi. Koma eni ukwati uja anali atatopa ndi mawa-mawa, ndipo Loweruka anamuuza kuti kanema wawo akumufuna, wobiriwira kapena ayi. Ndiye anatsalira. Ometa anatseka. Mayi wa makala anaphimba matumba ake n'kutsanzika. Phokoso la msika linatha pang'onopang'ono mpaka kunangotsala kulira kwa kompyuta ndi njenjete pakhoma.

Choyamba linabwera fungo. Dizilo, wosakanikirana ndi mafuta onunkhira aja amene amuna amadzola popita kumzikiti. Anadziuza kuti ndi mphepo yochokera kumsewu. Kunalibe mphepo.

Kenako sikirini inathima. Anadikira kuti iyake monga mwa masiku onse. Siinayake.

Sikirini yothima ndi galasi. M'mdima wakewo anadziona yekha, maso ali tong'o. Anaona chitseko kumbuyo kwake. Anaona benchi. Ndipo pabenchipo panali chinthu chachifupi, chofunda, chokhala ndi kuyera pang'ono pamwamba.

Sanacheuke.

Benchi inalira monga imalirira munthu akamakhazikika. Kunamveka kupuma, kolemera, kokoka, kwa munthu amene wayenda mtunda wautali ali wodwala. Sikunali kupuma kwaukali. Chimenecho ndiye chinamupweteka kwambiri. Chikanakhala cholusa akanakuwa, anthu n'kubwera. Koma ichi chinkangodikira, moleza mtima, ngati munthu amene wadikirapo kale kwambiri.

Ndiye mpando, iye ali pomwepo, unasendera kutsogolo. Pang'ono chabe. Mawondo anakhudza thabwa.

Panja, pakhomo penipeni, panamveka hutala. Pi-pi.

Kuseri kwa msika kumeneko galimoto siingalowe. Kanjira kake ngakhale wilibala imadutsa chopendekeka. Gerevazio ankadziwa zimenezo. Koma thupi lili ndi chikumbumtima chakechake. Dzanja linanyamuka lokha n'kumenya tebulo kawiri, pakamwa n'kutseguka:

"Tiyeni, madala!"

Sikirini inayaka. Pakona panatuluka timawu tija, ndipo ulendo uno sanafune womasulira. Atalimba mtima n'kucheuka, pabenchi panalibe munthu. Koma pasimenti panali mapazi, ang'onoang'ono, opanda nsapato, akuda ndi fumbi la makala. Anachokera pakhomo, kufika pabenchi, n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wake. Obwerera panalibe.

Kutacha anakagogoda kwa Ndaziona n'kumupatsa kiyi wa shopu.

"Ukampeza dalaivala uja, lowa ukonze. Ine ndachoka."

"Mukupita kuti Lamlungu lonseli, ankolo? Maso afiira ngati mwagona m'khitchini."

"Kumanda," anatero, n'kutembenuka.

Ndi zimene zinali mumtima mwake. Ankati akapeze pamene anawaika, agwade, anene zimene ananenazo kuti zinali zabodza, mwina angamusiye. Ankadziwa kuti kupepesa dothi n'kosavuta, dothi silikuyang'ana m'maso. Koma china chimene akanachita panalibe.

Anakwera minibasi mpaka ku Limbe, kumene anadutsa padepoti ataweramitsa mutu, n'kukwera ina ya ku Chiradzulu. Mudzi ankaukumbukira, chifukwa kale ankapatukirako kukatula ufa ndi sopo: kunsi kwa phiri, kupitirira mjigo, nyumba ya chitseko chobiriwira pafupi ndi mtengo wa mango. Wakabaza anamutsitsa pamjigo. Mango uja anali atakula, chitseko chitasuluka, koma nyumba inali yomweyo.

Pakhonde panali mayi wachikulire akufinya kansalu m'beseni. Anali Abiti Saidi, mkazi wa a Sandalamu.

"Odi kuno!"

Mayiyo anakweza maso, anamuyang'ana kuyambira kumapazi, ulendo wautali, mpaka kumutu.

"Kutalika kumeneku ndikukudziwa. Ndiwe Gere."

"Ndine, mayi."

"Wakalamba."

Gerevazio ananjuta pansi, chipewa m'manja. Mawu amene anawakonza m'njira yonse anabalalika. "Mayi, ndabwera kuti... mundilozere pamene anagona madala."

"Agona m'nyumbamu."

"Ndikunena manda, mayi."

"Manda a ndani?" Mayiyo anaponya kansalu m'madzi. "Iwe, sikunakukwane kuwapha kukhoti, wabwera kuti udzawakwirirenso? Ali moyo amuna anga! Wakuuza ndani kuti anafa?"

Gerevazio anakhala pansi, pafumbi, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwake sichinali kuseka, sichinali kulira, chinali zonse pamodzi. Nkhuku zinathawa. Chinthu chimene chinamukhala pachifuwa chichokere ku Lunzu, ayi, chichokere kukhoti kuja, chinasuntha, mpweya n'kulowa mpaka pansi. Ali moyo. Sanachedwe. Pali makutu oti amve.

Abiti Saidi anamuleka mpaka atatha. Kenako analankhula, maso ali kuphiri.

"Anatuluka kalekale. Chiwongolero sanachigwirenso, ndani akanawapatsa? Ankakonza njinga pansi pa mango apa. Ndende anaipirira, sanadandaulepo. Chimene chinawadya ndi dzina. Munthu woti mowa sadziwa kuti umakoma bwanji, ana a m'mudzi muno kumamutchula chidakwa. Kumzikiti anthu kumasendera akakhala pafupi nawo. Ine ndinkati, bwanji osanena? Akuti, ndikanena, mwana uja alowa, ndipo mkazi wake ndi woyembekezera. Kiyi ndinamupatsa ndine. Adzabwera yekha kudzanena." Anapukusa mutu. "Ine ndinkati simukumudziwa munthu. Iwo ankati ndikumudziwa, ndi wochedwa chabe."

Kenako mayiyo anapitiriza.

"Chiyambire mwezi uno sakudzuka pamphasa. Kuchipatala tinapita, anatipatsa mapiritsi. Koma likamalowa dzuwa amangoti zii. Tiwaitane, tiwagwedeze, osayankha, mpaka timayamba kuganiza zotuma mwana kwa achibale. Kenako n'kutsitsimuka, ali wefuwefu ngati akwera phiri. Tikafunsa, akuti ndinapita, koma watseka. Usiku wathawu akuti, ndinamupeza, koma sakucheuka."

Mayiyo anakankha beseni lija ndi phazi kuti aone. Madzi ake anali bii.

"Munthu woti ngakhale kuchimbudzi timachita kumunyamula. M'mawa uliwonse ndimawatsuka mapazi, ali akuda chonchi. Makala. Ife kuno timaphikira nkhuni, makala awaponda kuti?"

Gerevazio anakumbukira mapazi a pasimenti aja. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma foni inalira m'thumba. Anali Ndaziona, mawu ali m'mwamba.

"Ankolo! Ndamupeza! Anali pa sidi ina yakalekale pansi pa katoni. Ndamubwezera pampando pake, ndipo sisitimu ndaimanga manja kuti isamuchotsenso. Chiyambire m'mawa siinathimepo. Mkwatibwi wanu wayera mbee!"

"Zikomo, mwanawe," anatero. "Inenso ndamupeza."

"Mwapeza ndani?"

Anadula foni.

M'nyumbamo munali kamdima kozizira, ndi fungo lija la mafuta onunkhira. A Sandalamu anali pamphasa, atafunda bulangete, atachepa ngati mwana. Kachisoti kanali pamutu. Maso anali otsegula, ndipo anali omwe aja.

"Wachedwa, kondakitala," anatero ndi mawu otsika. "Galimoto inadzaza kalekale."

"Madala..."

"Ndinachita kukukankhira mpando, iwe osacheuka. Ndi mmene ndinakuphunzitsira? Ndipo mpando umenewo umaukhazika kutali bwanji, ungafike pabuleki?"

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Gerevazio anagwada, anawagwiriza mpaka chinatha. Ankafuna kunena pomwepo, awiriwiri, m'kamdimamo, pamene panali posavuta. Koma anakumbukira ana otchula chidakwa, ndi anthu osendera kumzikiti. Anatembenukira kukhomo.

"Mayi, ndikupempha. Itanani a shehe. Itanani anansi, ndi ana omwe. Zimene ndinanena, ndinanena pagulu. Ndizibweze pagulu."

Abiti Saidi anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inafewa. Anamanga chitenje n'kutuluka.

Anthu anabwera mmodzimmodzi, ena ndi makasu m'manja, ena ndi ana kumsana. A Sandalamu anawanyamulira pakhonde n'kuwatsamiritsa kukhoma, mapazi otsukidwa aja ali pamphasa. A shehe anakhala pambali pawo. Pansi pa mango panadzaza.

Gerevazio sanaime, kuopa kuwatalikira. Anagwada pafumbi, pamaso pa onse, manja ali pamawondo. Anakweza mawu kuti ngakhale a kumjigo amve.

"Ine ndine Gerevazio, ndinali kondakitala wa bambo awa. Tsiku la ngozi lija iwo anali kumzikiti. Galimoto ndinaitenga ndine, popanda chilolezo chawo. Bambo wa pa njinga uja ndinamugunda ndine, ndipo ndinathawa. Kukhoti anandifunsa ngati ankayendetsa ndi iwo, ndinati inde. Linali bodza. Anandifunsa ngati anamwa, ndinati inde. Linali bodza loposa loyambalo. Bambo awa sanamwepo mowa, ndipo sanaphe munthu. Ndikachoka pano ndikafuna abale a malemu aja ndikawauze zomwezi, ndipo kumene mlandu unditengere ndipita ndi miyendo yanga. Madala, munandipatsa ntchito, ine ndinakulandani dzina. Ndabwera nalo, landirani. Ndinalakwa. Pepani, madala. Pepani."